Botolo la Mapiritsi mu Mtsuko wa Mbewu

Mng'ono wanga anali ndi mawu aakulu kuposa thupi lake. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu zokha, anthu a m'minda ya mpunga kwathu ku Lifuwu ankadzamubwereka kwa abambo kuti akawaingitsire mbalame. Ankaima pa kamtumbira kolekanitsa minda n'kukuwa kuti, "Haaa! Chokaniko, akuba inu!" ndipo mpheta zinkadzambatuka mpaka munda wachitatu. Ine ndikamawerenga pakhonde ndinkamukalipira kuti atseke pakamwa. M'kope limene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku muli tsamba lina pomwe ndinalemba kuti mwana ameneyu ndi wailesi yopanda pozimitsira. Tsambalo sindinaling'ambe, ngakhale ndikaliona mtima umandiwawa.

Matenda anayambira m'mutu. M'mawa uliwonse ankadzuka akusanza, kenako anayamba kuyenda modzandira ngati wochokera ku kachasu. Ku chipatala chathu chaching'ono anati ndi malungo. Ku Salima anatinso malungo. Ku Lilongwe anamuunika m'maso ndi katochi n'kulemba kalata yoti apite ku Blantyre. Amayi anakwera naye sitima atanyamula mphasa ndi kathumba ka mpunga. Kumeneko dokotala wina wochokera kunja, amene ankabwera kamodzi pachaka, anamuchita opaleshoni ya kunkhongo n'kuchotsa chotupa mu ubongo. Amayi amati chinali ngati dzira la nkhanga.

Atatsitsimuka analankhula. Amayi amalumbira kuti analankhula. Anapempha madzi, n'kudandaula kuti amumeta mpala ngati mnyamata. Tsiku lachiwiri analankhulanso. Tsiku lachitatu anangoti du. Makutu ankamva, maso ankatsata munthu, ukamuuza kuti akweze dzanja ankakweza, koma liwu linali litapita.

Dokotala uja asanabwerere kwawo anapatsa amayi kabokosi kokhala ndi botolo lofiirira la mapiritsi oyera, pamodzi ndi kalata. Kudzera mwa namwino anawauza kuti zoterezi zimachitika kwa ana ena akachitidwa opaleshoni yotere, ndipo mawu amatha kubwerera, koma palibe amene amadziwa tsiku lake. Anati mapiritsiwo anayesedwapo pa ana ena kunja ndipo ena anathandizika. Sanalonjeze kanthu. Anangoti tiyese, kuyamba ndi kachidutswa, osadumphitsa tsiku.

Anafika kunyumba ine ndili pa tchuthi cha Khirisimasi. Ndinali mu Fomu 2 ku sekondale yogonera komweko, ndipo pamudzi pathu ndine ndekha ndinali nditafika pamenepo. Tonse tinakhala pakhonde. Mng'ono wanga anali pamiyendo pa amayi, kumutu atamanga duku, dovu likutsika pachibwano. Abambo anandipatsira kalata ija.

"Tatiwerengereni, a sekondale."

Ndinawerenga bwinobwino n'kumasulira mzere uliwonse. Ndikanalekera pomwepo. Koma m'kabokosi muja munalinso kapepala kopindapinda ka zilembo zing'onozing'ono, ndipo ndinafuna kuti aone kuti ngakhale Chingerezi cha madokotala sichindikanika. Palibe anandituma. Ndinakafunyulula ndekha.

"Apa akuti mankhwalawa amaperekedwanso kwa azimayi pofuna kuumitsa mkaka wa m'mawere."

Azakhali anali akusankha mpunga m'lichero. Dzanja lawo linaima.

Azakhaliwa ndi alongo awo a abambo, aakulu, ndipo amakhala nafe kuyambira ine ndisanabadwe. Anakwatiwapo kale. Mwana wawo woyamba anabadwa wakufa ku chipatala, ndipo powatulutsa anawapatsa mapiritsi oumitsa mkaka. Sanaimenso. Mwamuna anawasiya n'kukakwatira ku Maganga. Nkhaniyi ndinkaidziwa, aliyense ankaidziwa, koma tsiku limenelo mutu wanga unali pa Chingerezi changa.

"Wati chiyani, iwe?" anafunsa azakhali.

"Ndi ntchito ina chabe ya mankhwalawa, azakhali. Kwa iyeyu ndi a mawu."

"Mawu ndi mawere zikugwirizana pati?"

Ndinapinda kapepala kaja. Iwo anapitiriza kusankha mpunga, ndipo nkhani inaoneka ngati yatha.

Masiku khumi oyamba amayi ankamumwetsa okha, ine ndikuona. Kenako sukulu inatsegulidwa ndipo ndinapita. Zimene zinachitika m'mbuyo ndinadzazimva pambuyo pake, kwa amayi.

Inafika nyengo yoti a Pulezidenti adzayendere mbewu m'minda. Mayi tcheya wa nthambi yathu ya chipani anayenda khomo ndi khomo kulemba azimayi okavina. Kukonzekera gule kunali tsiku lililonse kuyambira m'mawa, pabwalo la sukulu ya pulayimale, kenako lole idzawatenga kukagona kutali mlungu wathunthu. Amayi anagwada n'kufotokoza kuti ali ndi mwana wodwala. Mayi tcheya anayang'ana mwanayo, amene anali atakhala pamphasa akumva zonse, n'kunena kuti:

"Wosalankhula savuta kumusiya, mayi. Sadzakuitanani."

Mawu amenewa ndawalemba katatu m'kope langa, pa masamba osiyana, kuti ndisadzawaiwale ngakhale nditakalamba. Abambo anaopa kutsutsa. Munda umene timalima suli wathu, ndi wa sikimu ya boma, ndipo onse ankadziwa za banja lina limene linalandidwa munda mkazi atakana kukavina. Choncho amayi anavala nsalu yawo n'kupita kukaimba kuti tonse tili pa mtendere. Botolo linatsala m'manja mwa azakhali.

Gule atatha, ntchito ya kumunda inali itasiyira amayi m'mbuyo. Ankachoka mbandakucha, kubwera dzuwa litapendeka. Azakhali ndiwo ankagona ndi mwanayo, ndiwo ankamusambitsa, ndiwo ankamuyendetsa pabwalo atamugwira m'khwapa mpaka anayamba kuyenda yekha. Zimenezi sindikana. M'mawa uliwonse ankamupatsa kanthu koyera ndi phala, ndipo amayi akafunsa ankayankha kuti, "Wamwa kale, alamu, pitani." Kalata ziwiri zimene ndinalandira ku sukulu zinanena chimodzimodzi: akumwa mankhwala, koma sanalankhule. Ndinkalira m'bafa kuti anzanga asandione, ndipo ndinayamba kudana ndi dokotala uja chifukwa chotipatsa chiyembekezo chabodza.

Ndinabwera pa tchuthi cha Pasaka. Mng'ono wanga anandichingamira akuyenda motangadza miyendo, tsitsi litayamba kumera. Sanamwetulire. Anagwira siketi yanga n'kuyamba kukoka.

"Taleka, ndiyambe ndalonjera akuluakulu."

Anakoka ndithu. Amayi anati, "Ndi mmene akuchitira masiku ano. Amandikokera ku mtsuko wa mbewu. Akufuna kuseweretsa mpunga, ndiye ndimamukaniza."

Ndinamutsata kuti angondileka. Anandilowetsa m'chipinda cha azakhali, pomwe pamakhala mtsuko waukulu wosungiramo mpunga wa mbewu. Analoza. Ndinavundukula mbale yapakamwa, osaona kanthu. Iye anagwira dzanja langa n'kulikankhira pansi, mpaka mpunga unandifika m'chigongono. Zala zanga zinakhudza galasi.

Botolo linali lodzaza pafupifupi ngati mmene ndinalisiyira.

Ndinatuluka nalo. Azakhali anali pansi pa mtengo wa mango akusenda chinangwa. Sindinagwade. Chibadwire ndinali ndisanalankhulepo ndi munthu wamkulu ndili chiimire.

"Azakhali, ichi n'chiyani?"

Anayang'ana botolo, n'kuyang'ana mwana, n'kupitiriza kusenda.

"Ndi botolo. Kapena ku sekondale kuli dzina lina?"

"Nanga mumamumwetsa chiyani m'mawa uliwonse?"

"Chosapha munthu."

"Chiyani?"

"Makaka." Ananena mosabisa ndi pang'ono pomwe. Ankatenga chinangwa chouma, n'kuchisema ndi mpeni kuti chikhale ngati piritsi. "Nanga si iwe wemwe unatiwerengera? Kapena unkanama?"

"Sindinaname, koma—"

"Ndiye khala chete. Iwe ukudziwa mapepala, ine ndikudziwa mankhwalawo. Ndinawamwa ine. Taona pamene ndili. Ndani amanditcha amayi pamudzi pano? Mwana wamkazi wosalankhula amakwatiwa, amabereka, ana ake amamulankhulira. Koma wouma? Ukufuna adzakhale wosenda chinangwa pakhomo pa mlongo wake ngati ine?"

"Alibe mlongo, azakhali! Ali ndi ine, ndipo ine ndikufuna alankhule!"

"Tamumvani. Wakula ndi Fomu 2."

Amayi anali atafika, manja ali kukamwa. Abambo anabwera kuchokera kuseri atanyamula khasu. Ndinawaonetsa botolo. Ndinkayembekeza kuti nyumba igwedezeka. Iwo anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Achemwali, pamenepa simunachite bwino kwenikweni." Basi. Kenako anatembenukira kwa ine: "Ndipo iwe, gwada polankhula ndi azakhali ako."

Miyezi itatu ya mwana yapita, ndipo mlandu umene unaweruzidwa tsiku limenelo unali wa mawondo anga.

Chimene chimandipsetsa mtima koposa si makaka. N'chakuti mng'ono wanga ankadziwa. Piritsi lenileni ndi lowawa, makaka ndi ozuna, ndipo lilime lake silinafe. Anaona kumene botolo linabisidwa. Miyezi itatu ankameza chinangwa m'mawa uliwonse, akumva azakhali akunena kuti wamwa kale, akukoka nsalu ya amayi, akumenyedwa padzanja kuti asaseweretse mbewu. Munthu amene ankaingitsa mbalame minda itatu analephera kuitana mayi ake ali pafupi ngati apa ndi apo. Ndikaganiza zimenezi cholembera chimaboola pepala.

Ndipo ndimadzipseranso mtima ndekha. Ndinawerenga mzere umodzi wa kapepala kaja mokweza, n'kulephera kuyankha funso limene linatsatira. Ndikanati sindikudziwa, tiyeni tikafunse. M'malo mwake ndinapinda kapepalako monyada n'kupita kusukulu.

M'mawa mwake ndinabwereka njinga ya abambo, n'kumukweza pakaliyala. Ndinamumangirira m'chiuno mwanga ndi nsalu chifukwa ankapendama. Pachipata cha chipatala panali anyamata awiri a chipani, a malaya ofiira, atapingasa nsungwi.

"Khadi, sisi."

Ndinatulutsa yanga. Kusukulu satilola kulowa m'kalasi popanda khadi ya chipani.

"Nanga kabwana aka?"

"Ndi mwana, achimwene."

"Mwana alibe pakamwa? Iwe, mwadzuka bwanji? Taonani, kakungotiyang'ana. Si a mpingo woletsedwa uja, wokana makhadi, amenewa? Amaphunzitsa ana mwano adakali aang'ono."

Ndinamasula duku lake n'kumutembenuza kuti aone chipsera, chotsika kuchokera pakati pa mutu mpaka m'khosi, mabala a ulusi akuonekabe uku ndi uku. Wamkulu mwa awiriwo anayang'ana kumbali.

"Aaa, sisi, zinazi muzichenjeza. Sitinadye ife." Anakweza nsungwi.

Amene timawatcha adokotala pa chipatala chathu ndi othandizira chabe, bambo wa imvi wochokera kumpoto. Anawerenga kalata kawiri, n'kuwerenga kapepala kaja konse, mbali zonse ziwiri, chala chikuyenda pansi pa mizere. Ndinawauza zonse, za makaka zomwe. Sanaseke.

"Mwana wanga, ndisakunamize. Mankhwala awa ine ndimawadziwa kwa azimayi basi. Zopatsa mwana kuti alankhule sindinamvepo. Koma amene analemba kalatayi anaona m'mutu mwa mwanayu. Ine ndi azakhali akowo sitinaonemo."

"Nanga n'zoona kuti adzauma?"

"Ayi. Munthu akasiya kumwa, thupi limabwerera mwakale. Satseka mimba. Taona apa pomwe, pansi pa mzere umene unawerengawo. Azimayi ena amapatsidwa omwewa kuti athe kuima."

Unali mzere wachitatu kuchokera pamene ndinalekera.

Anandiuza kuti tiyambirenso ndi kachidutswa monga kalata inanenera, nthawi zonse ndi chakudya, ndipo ndisadabwe akamachita chizungulire kapena nseru masiku oyamba. Akakomoka kapena kusanza kosalekeza ndithamange naye. Anatinso ndizibwera naye Lachisanu lililonse.

Nditafika kunyumba ndinapita kwa azakhali. Ulendo uno ndinagwada, koma ndinagwada kuti mawu anga awalase bwino. Ndinawauza zimene adokotala ananena, kuti mapiritsi aja sanawatseke mimba, kuti ena amawamwa kuti abereke. Ndinanena mokweza kuti amayi amve.

"Ndiye chinanditseka n'chiyani?" anafunsa azakhali.

Analowa m'chipinda mwawo ndipo tsiku limenelo sanadye. Usiku ndinalemba m'kope kuti sindikumva chisoni. Linali bodza pang'ono, koma pang'ono pokha.

Tchuthi chinatha ine osapita kusukulu. Mayeso a Fomu 2 anali pafupi, ndipo abambo anakalipa kuposa mmene anakalipira za makaka. Ndinawauza kuti botolo sindilisiyira munthu aliyense pakhomo pano. Amayi angathe kutengedwanso ndi lole mawa, abambo sangakanize achemwali awo, ndiye atsala ndani? Ndinalembera aphunzitsi aakulu kalata yopepesa. Botolo ndinalisokerera m'kathumba n'kumalivala m'khosi, ngakhale pogona. M'mawa uliwonse ndinkaphika phala la mpunga, kudula piritsi ndi lezala, n'kumuonetsa kaye asanameze. Ankalinyambita ndi nsonga ya lilime, n'kukwinya nkhope, n'kugwedeza mutu kuti ndi lomwelo.

Masiku anayi oyamba anasanza. Azakhali ankadutsa ndi tsache akulankhula ndi nkhuku: "Tiona, anzanga. A sekondale akuchiritsa." Ndinkaluma mlomo. Mlungu woyamba unatha, zii. Wachiwiri unatha, zii. Ndinkamukhazika patsogolo panga n'kumamuonetsa pakamwa: a, e, i. Milomo yake inkayenda, mpweya unkatuluka, mawu ayi. Tsiku lina anandiponyera kapu kumaso n'kulira mosatulutsa liwu mpaka anagona. Ndinalemba m'kope kuti mwina ndataya mayeso pachabe, ndipo mwina miyezi itatu ija ndiyo inali nthawi yake yokhayo, ndipo inadyedwa ndi gule ndi chinangwa.

Mpunga unayamba kucha, mbalame zinafika. Abambo analibe wowalondera, choncho ndinkapita kumunda ndi buku la sayansi ndi mng'ono wanga. Ndinamupatsa chitini ndi kamtengo kuti aziimba. Linali Lachitatu la mlungu wachinayi, dzuwa lili paliwombo. Gulu la mpheta linatera pakona ya munda, pafupi ndi ngalande. Ine ndinali pa tsamba la mitsempha ya magazi. Chitini chinasiya kulira. Kenako ndinamva mawu achilendo, okhuthala, ochedwa, ngati a nkhalamba yongodzuka kumene.

"Cho… ka… ni."

Mbalame sizinasunthe ndi imodzi yomwe. Zinapitiriza kudya.

Ndinaponya buku m'matope. Iye anali ataima pa kamtumbira kake kakale, miyendo itatangadza, nkhope itakwinyika ndi ukali chifukwa mbalame zamunyoza. Anakoka mpweya.

"A… ku… ba."

Ndinamunyamula, tonse tinagwera mu mpunga, ndipo mpheta zinathawa chifukwa cha kukuwa kwanga.

Madzulo pakhomo panadzaza anthu. Mayi tcheya anabweranso, n'kunena kuti taonani chitukuko cha zipatala zathu. Amayi anawayalira mphasa. Azakhali anauza azimayi kuti mwanayo walankhula chifukwa iwo anamupumitsa ku mankhwala miyezi itatu, thupi linapeza mphamvu. Palibe anawatsutsa. Palibe anapepesa, kwa ine kapena kwa mwanayo, kufikira lero.

Lachisanu ndinafunsa adokotala ngati ndi mapiritsi amene anagwira ntchito. Anati sakudziwa. Mwina ndi mapiritsi, mwina nthawi yake inangokwana, pakuti kalata yomwe inanena kuti mawu amatha kubwerera okha. Yankho limeneli linandikwiyitsa njira yonse yobwerera, chifukwa ndinkafuna kukaliponya pamaso pa azakhali. Koma ndalilemba monga ananenera. Ndaphunzira kuwerenga pepala lonse.

Mawu ake sanabwerere monga kale. Amalankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha, ngati munthu wowoloka ngalande pa miyala. Akatopa lilime limalemera. Anthu a minda ina sabweranso kudzamubwereka. Koma mlungu uliwonse mawu ankawonjezeka, ndipo ndikukhulupirira kuti chaka chamawa abwerera ku Sitandade 2. Ndamusungira makope anga akale amene ali ndi masamba otsala.

Aphunzitsi aakulu anayankha kuti ndikapanda kufika Lolemba dzina langa lichotsedwa pa mayeso. Lamlungu m'mawa ndinalongedza sutikesi. M'botolo munali mutatsala mapiritsi a milungu itatu. Ndinavula kathumba kaja m'khosi mwanga, tonse tili pakhonde pomwe paja ndinawerengera kalata. Amayi anatambasula dzanja. Azakhali anayang'ana kumbali. Ine ndinapatsa amayi botolo, koma lezala ndi kalata ndinaziika m'manja mwa mng'ono wanga.

"Amayi akachoka, wina aliyense akakupatsa chinthu, uyambe walawa. Wamva?"

Anagwedeza mutu.

"Ayi, usagwedeze mutu. Akakupatsa makaka utani?"

Anatembenuka n'kuyang'ana azakhali m'maso. Zinamutengera nthawi, ndipo tonse tinadikira, ngakhale abambo amene anali atagwira kale njinga.

"Ndi… ne… na."

Azakhali anatola lichero lawo. "Nena, mwana wa achimwene," anatero, osakweza mutu. "Nena, timve."